Ophunzirira pa a Isake

"Ndati mufufute, basi," anatero a Solomoni, akuloza foni imene inali m'manja mwa dokotala.

Luckness anatsitsa beseni la mbale mpaka zinagundana. Linali tsiku lometa, bambo ake, a Isake, atangoikidwa kumene ku Chezi, ndipo m'mutu mwake munali mukunyerenyesabe ndi lezala. A Solomoni, bambo ake aang'ono, amene nthawi yonse ya matenda ankangotumiza moni kuchokera ku Bowe, lero ndiwo anali ndi mawu kuposa aliyense. Inde, wakufa savuta kumukonda. Safuna kumutembenuza pamphasa, safuna kumupukuta malovu.

Dokotalayo, a Rebeka, anali wamsinkhu wa Luckness yemweyo, wophunzira ukatswiri wa matenda a mitsempha ku Lilongwe. Anabwera kudzapepesa, chitenje m'chiuno monga mwa mwambo, koma analakwitsa chinthu chimodzi: anapempha chilolezo. A Isake ali moyo anavomera kuti awajambule vidiyo pamene madokotala ophunzira ankawasamalira, ndipo a Rebeka anaona kuti n'chaulemu kufunsanso abale asanaionetse kwa ophunzira atsopano. Luckness chamumtima ankangoti ulemu wina ndi woputa nawo mavu.

"Matendawa ndi osowa, bambo," anafotokoza a Rebeka motsitsa mawu. "Mitsempha imafa pang'onopang'ono. Amayamba kukana ndi manja, kenako miyendo, mapeto ake kumeza ndi kupuma. Mankhwala ochiza palibe. Ambiri timamaliza maphunziro tisanaonepo wodwala wotere."

"Mwanena nokha." A Solomoni anatembenukira azibambo amene anakhala pakhonde. "Mwamvatu? Wodwala mmodzi, omugwira chigulu. Wina wopinda miyendo, wina wosuzumira pakhosi, wina wa phala, wina wongocheza naye. Munaziona kuti? Dokotala wodziwa ntchito amakhala yekha, amabaya jakisoni, munthu n'kudzuka. Awa ankaphunzirira kumeta pamutu pa achimwene anga. Ndipo anawaperekayo ndi uyu."

Analoza Luckness. Azimayi amene ankakolopola miphika kuseri analeka, makutu ali tcheru. Apa m'pamene Luckness anaona kuti nkhani sinalinso ya foni. Mawu amenewa akagona osayankhidwa, mudzi udzamudziwa mpaka imvi kuti ndi mwana amene anapereka bambo ake kwa ana asukulu.

Anagwada, poti mwambo ndi mwambo ngakhale mtima ukuwira.

"Bambo, chigulu mukunenacho n'chimene chinandiphunzitsa kuwakhazika kuti asatsamwe. Wopinda miyendoyo ndiye anawaletsa zilonda kumsana. Wongochezayo ankandifunsa ngati ineyo ndagona. Inu munandifunsapo?"

"Iwe, ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi inu nomwe, bambo. Musanafufute, taonani kaye chimene mukufufutacho."

A Solomoni anafuna kukana, koma azibambo aja anali atasendera kale ndi mipando yawo. Munthu wa kuno angakane mowa, osati vidiyo.

Pa kagalasi ka foni panaoneka a Isake ali pa njinga ya odwala, ataonda zomvetsa chisoni, khosi litatsamira pilo. Anthu ovala zoyera anawazungulira. Mayi wina wachikulire, wophunzitsa za kamezedwe, anapereka mbale ndi sipuni kwa a Rebeka. A Rebeka anazilandira. Anatunga phala lambiri, n'kufulumira nalo, ndipo a Isake anatsamwa. Anayesa kukhosomola ndi chifuwa chawo chopanda mphamvu chija, maso ali psu, misozi ikutsika, namwino akuthamanga ndi makina okoka malovu.

Tsiku limenelo Luckness anali pamzere wa mankhwala, ndipo palibe anamuuza kuti kunachitika zotere. Anadzida chifukwa cha liuma lake. Mwini wake, ndi pakamwa pake, wawapatsa a Solomoni umboni pagulu.

"Si zimene ndimanena izi?" anatero a Solomoni, koma mawu anali atagwa. "Zimitsani."

A Rebeka sanazimitse. Anangoweramitsa mutu, foni ili m'mwamba.

Mu vidiyomo mphunzitsi uja anati kwa lero zakwana, n'kulanda mbale. A Rebeka anali atabwerera kukhoma, akupukuta maso ndi mkono wa malaya. A Isake anapuma kanthawi. Thupi lonse linali litawakana, kupatula chala chamkombaphala cha kumanja. Chalacho chinadzuka pabondo, chinaloza kukhoma, n'kupinda. Mphunzitsi anawerama n'kufunsa ngati akufuna kuti awamwetse iyeyo. Chala chinagwedezeka kukana, n'kulozanso kukhoma, n'kupindanso, mpaka mbale inabwerera m'manja mwa amene anawatsamwitsa uja.

A Solomoni anakhosomola ngakhale analibe chifuwa.

"Achimwene amenewo," anatero akuyang'ana pansi. "Kuyendetsa ngolo anandiphunzitsa choncho. Ukaigwetsera m'dambo, chikwapu amakubwezera m'manja iwe wemwe kuti uyesenso."

Kupepesa sanapepese. Azibambo a kuno kupepesa kumawakola pakhosi, makamaka kwa mwana wamkazi, ndipo Luckness sanakudikire n'komwe. Anangowamva akuti, mokweza kuti azimayi a kuseri amve:

"Kawaonetseni anzanuwo, adokotala. Luckness, mwana wanga, dzuka pansipo. Alendowa wawapatsa madzi?"

Luckness sanadzuke msanga. Maso ake anali pa foni, chifukwa vidiyo inali isanathe. Mu vidiyomo a Rebeka anali atakoka mpando n'kukhala pansi, akutunga phala pang'ono kunsonga kwa sipuni. A Isake, misozi isanaume pamasaya, anali atayasama kale, akudikira.