Mzere wa Chiukepo

"Ofuna Ackson akhale tcheyamani, imani kumsana kwake!" anakuwa motero mayi Enifa, namwino wachikulire amene ankayendetsa chisankho, ndipo mipando inayamba kukhwekhwerezeka m'holo ya tchalitchi ku Handsworth.

Chiukepo anadzuka woyamba. Anakodola anzake, ophunzira a payunivesite, ndipo onse anamutsata kukaima kumbuyo kwa Ackson.

Chinali chaka cha 1995. Bungwe la Amalawi a ku West Midlands linkasankha atsogoleri mwa njira yakwathu. Wopikisana amayang'ana kukhoma osacheuka, omufuna amafola kumsana kwake, kenako mitu imawerengedwa. Magulu analipo atatu: la Ackson, akauntanti wa ku Coventry, la bambo Levison ndi akhalakale a mu Birmingham, ndi kagulu ka ophunzira kamene pamisonkhano ntchito yake inali yongoyala mipando.

Nzeru yomufolera Ackson, Chiukepo anaitola m'mabuku. Digiri yake inali ya ndale, ndipo mwa zonse za padziko lapansi iye anasankha kulemba za chisankho cha ku Sweden cha 1952, nthawi imene chipani chaching'ono cha alimi chinali m'boma limodzi ndi chipani chachikulu cha anthu apantchito, mpaka kugawiridwa maunduna. Nkhaniyi ankaikamba paliponse, ngakhale pasiwa.

"Anthu a ku Sweden amenewa tikudya nawo, tikugona nawo, koma mbale satsuka," ankatero mkazi wake Dinnah.

Ackson yekha ndiye ankamvetsera mwachidwi. Awiriwa anadziwana kale ku Zomba ali anyamata, ndipo pangano anapangira m'khitchini mwa Chiukepo ku Small Heath. Ophunzira avotere Ackson pa utcheyamani, a ku Coventry avotere Chiukepo pa usekilitale, kuti nawonso ophunzira akhale ndi pakamwa m'komiti.

"Dilu imeneyo, achimwene," anatero Ackson atamugwira dzanja. "Inu ndinu alimi, ife apantchito."

Ophunzira ena anakayika, koma Chiukepo anawalumbirira. "Munthuyu ndimamudziwa. Akatipusitsa mudzandilavulire."

Tsono mitu itawerengedwa, Ackson anamuposa Levison ndi anthu ochepa chabe, omwewo a Chiukepo. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

"Usekilitale tsopano! Chiukepo apa, bambo Levison apo."

Chiukepo anayang'ana kukhoma, mphuno pafupi ndi chithunzi cha ana a Sande sukulu. Kumbuyo kwake kunamveka mgugu wa nsapato, ndipo mtima wake unakhala m'malo. Anazindikira ngakhale kulira kwa nsapato zatsopano za Ackson. Anayamba kukonza m'mutu mawu othokoza.

"Cheukani!" anatero mayi Enifa.

Anacheuka akumwetulira. Kumbuyo kwake kunali Dinnah ndi ophunzira aja basi, atazolika. Mzere wa Levison unali utakhota mpaka pa tebulo la tiyi, ndipo woyamba weniweni, dzanja lili paphewa pa Levison, anali Ackson.

Chiukepo anamva manyazi oopsa, oti nthaka ing'ambike alowemo. Koma choposa manyaziwo chinali kuwawa kwa mtima, poti amene anamuvula pagulu sanali mdani.

"Mate tisunga, bambo," anatero mtsikana wina wa m'gulu lake akutenga jekete. "Koma mipando mupinde nokha."

Anapindadi yekha. Ackson anamupeza kuseri kwa siteji akuisanja.

"Achimwene, musazitengere kumtima. Ndi politikisi iyi."

"Unagwirizana naye liti?"

"Sabata yatha. Taganizani, Levison ali ndi anthu ambiri. Ndikanamusiya kunja, bungwe likanang'ambika pakati. Ndiponso munandiphunzitsa nokha. Mgwirizano wa a Sweden anu aja sunathe mu 1957? Palibe ukwati wamuyaya pandale."

"Iwo aja anakhala limodzi zaka ndithu, ndipo anasiyana masana, atauzana chifukwa. Iwe tiyi sanazizire n'komwe."

Ackson anaseka kaphwete kouma. "Tikupatsani u advaiza. Mutu ngati wanuwo sitingautaye."

"Bwenzi lako ndi la wina," anatero Dinnah, amene anali ataima pakhomo ndi chikwama m'manja. "Tiyeni bambo, basi itisiya."

Chiukepo anaika mpando womaliza pamwamba pa inzake, napukuta manja m'thalauzi. Kenako anatambasula dzanja. Ackson anathamangira kuti aligwire, koma Chiukepo analitembenuza, chikhatho kumwamba.

"Kiyi."

"Kiyi wanji?"

"Wa kunyumba kwanga. Amene ndinakupatsa tsiku lija unatsika ndege ulibe kolowera, ukugona pa sofa yanga nyengo yonse yachisanu. Sindinakufunsepo, chifukwa m'bale saitanitsidwa kiyi."

Ackson anayang'ana uku ndi uku. Mayi Enifa ndi amayi ena otsuka makapu anali atasiya ntchito, akuonerera. Ackson anatulutsa mpukutu wa makiyi ake nayamba kulimbana ndi kawaya, koma kiyiyo anali atakhalitsa ndipo anakanirira, mpaka chikhadabo chinathyoka.

Chiukepo sanamuthandize. Anadikira, dzanja lili chitambasulire, mpaka kiyi anagwera m'chikhatho mwake.