Werengani Miyendo, Amayi

Mwana wanga wamkazi, wa fomu yachitatu, anandandalika mabotolo anayi pathebulo, pamene timadyera pomwe. Akuti aphunzitsi a sayansi alamula aliyense atole tizilombo, atigawe m'magulu, alembenso pakapepala komwe watitola. Mawa lake akatiyale pakhonde la sukulu kuti makolofe tikaone.

M'botolo loyamba munali bongololo ndi nankalizi, miyendo mbwee. M'lachiwiri munali nkhanu yakufa, yonunkha koopsa. M'lachitatu kangaude ndi chinkhanira. M'lachinayi mphemvu, ntchentche ndi kanthu kena kofiirira, kaphwatalala, kokhuta bwino.

Inetu pakhomo panga pamawala. Ndimakolopa kawiri patsiku, ndipo mwezi wathawu mayi wa saluni woyandikana nafe ataanika matilesi panja, ndinamuseka anthu akumva. Ndiye taganizirani mmene khungu langa linanyerenyetsera nditawerenga kapepala ka kanthuko: "Nsikidzi. Yapezeka mumsoko wa matilesi a amayi."

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Fufuta msanga! Ulembe kuti ndi nkhupakupa, waichotsa pakhutu la galu."

"Sizingatheke, amayi. Nkhupakupa ikakula imakhala ndi miyendo isanu ndi itatu, gulu lake ndi la kangaude. Iyi ili nayo isanu ndi umodzi, ndi tinyanga tiwiri kumutu. Ndi mnzake wa mphemvu."

"Ndani angataye nthawi kuwerenga miyendo ya nyansi ngati imeneyi?"

"Aphunzitsi. Galasi lawo lokulitsa zinthu ndi ili, andibwereka. Werengani nokha."

Ndinagwira mphuno, ndinawerama. Kanthuko kanatukumuka m'galasimo, mimba ili ndi mizeremizere, mkati muli magazi. Magazi a yani? Ndinawerenga katatu konse, kufunafuna miyendo iwiri yoti indipulumutse. Sinapezeke.

"Chabwino, kaitaye kuchimbudzi, nkhani ithere pompano."

"Iyi nditaya, amayi, kusukulu mphemvu ikwana. Koma ndinangosankhapo yaikulu. Zinazo zikadali momwemo."

Ndinayang'ana timatuza tapamkono panga, timene kwa milungu itatu ndinkanamizira udzudzu.

Masana omwewo ndinakwakwaza matilesi mpaka pabwalo, dzuwa lili phwee. Mayi wa saluni anasiya mutu wa kasitomala, anandiyang'ana, analowa m'nyumba. Ndinati wapita kukaitana anzake adzaseke. Anatuluka ndi ketulo ya madzi owira, anaiika pamapazi anga.

"Muyambire m'misoko, anzanga," anatero. "Ndi momwe zimaikira mazira."