Belu la a Melhem

Amuna anga a Melhem anamwalira m'mamawa, chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chitatseka msewu wotsikira kuchigwa. Ndinawatseka maso, ndinawamanga chibwano ndi mpango, kenako ndinakhala pampando kudikira belu la maliro. Kupusa kwanga! Woliza belu kuno ku Kfar Lawza anali omwe agona pabediwo.

Tchalitchi chathu cha Mar Sarkis anamanga ndi makolo athu, banja lililonse likusenza miyala yake kuchokera kumtsinje. Belu linabwera pangolo, nthawi imene mudzi unkaweta mbozi za silika, ndipo n'lolemera zedi. Kale mnyamata wofuna mkazi ankaliliza ndi dzanja limodzi, mudzi wonse ukuonerera. Ine a Melhem ndinawalolera pomwepo, chifukwa nkhope ndiye analibe. Kenako kunabwera nkhondo, achinyamata anapita ku Beirut ndi ku Brazil, mwana wathu Fadi ku Australia, mitengo ya mabulosi yodyetsera mbozi zija n'kuuma. Tinatsala nkhalamba zokhazokha, ndipo wansembe amabwera msewu ukalola.

Zinandiwawa kuti munthu amene analizira belu akufa onse a mudzi uno apite mwakachetechete ngati mbuzi. Ndinavala nsapato zawo n'kutuluka. Mayi a Tannous, oyandikana nafe nyumba, anandiona pazenera. Atamva kumene ndikupita anandikalipira kuti mkazi sagwira chingwe cha belu, ndipo ndikathyoka msana. Ndinawauza kuti ngati ali ndi mwamuna amene anamusunga m'kabati andibwereke. Anatseka zenera.

Belu la maliro limalira kamodzi, n'kuligwira, n'kupuma, n'kulilizanso. Mphamvu zake zimafunika poliimitsa, ndipo zimenezo sindinkazidziwa. Ndinakoka chingwe, belu osagwedezeka n'komwe. Ndinalendewera ndi thupi lonse mpaka linayamba kupendama, basi linandiposa mphamvu, kundinyamula, kunditsitsa, likulira motsatizana ngati tsiku la ukwati. Ndinalira, ndinalitukwana m'nyumba ya Mulungu momwemo, koma silinasiye mpaka linatopa lokha. Manja anga anali atasupuka.

Ndili m'njira yobwerera, belu la mudzi wa tsidya lina la chigwa linayankha mwansangala, monga midzi iwiriyi imachitira kukakhala ukwati. Ndinalowa m'nyumba foni ikulira. Anali a Gerges, woliza belu wa kumeneko, mnzawo wa a Melhem wa paubwana, akuseka mpaka kutsokomola.

"Mayi a Fadi, ndani wamisala akukwatira m'chipale muno? Kapena nkhalamba yanuyo yapeza wachiwiri? Kuno tonse tinatuluka panja kumvetsera, papita nthawi tisanamve zotere. Muwauze kuti dzanja lawo likadali lija lakale."

Ndinayang'ana pabedi. 

"Ndiwauza," ndinatero.