Mpando wa Kutsogolo kwa Lole

Ophunzira a payunivesite ankawatchula kuti Adokotala, ngakhale kuti sanabayepo munthu jakisoni. Udokotala wawo unali wa kayendedwe ka katundu: momwe botolo la mankhwala kapena thumba la simenti limachokera kumene lapangidwa, kukwera sitima, kutsika padoko, kugona m'nyumba yosungiramo katundu, mpaka kukafika m'manja mwa munthu amene sadziwa n'komwe kuti chinthucho chayenda ulendo wotani. Asanayambe kuphunzitsa anagwirapo ntchito padoko, kenako kukampani ina yonyamula katemera m'magalimoto ozizira. Mpaka nthawi imeneyo akaona kontena ikudutsa mumsewu ankasiyira mawu panjira, maso ali pawindo. Ophunzira anazolowera. Ankangodikira kuti abwerere kumene apitako.

Kunyumba kunali bambo awo, madala amene anakalambira pachiwongolero cha lole. Mutu unali utayamba kuwathawa. Masiku ena ankamuzindikira mwana wawo, masiku ena ankamuyesa kalaliki wa kampani yomwe inatsekedwa kalekale, n'kumamufunsa mwaulemu ngati katundu wapakiridwa. Masana madalawo ankatsala ndi alamu awo a Adokotala. Koma m'mawa wa tsiku lomwe Adokotala anakonza zotenga kalasi yawo kukaona nyumba yaikulu yosungiramo katundu, alamuwo anaimba foni kuti mwana watentha thupi, ali pamzere kuchipatala.

"Pepanitu alamu, lero ndakugwiritsani mwala."

"Musadandaule, onani za mwanayo. Bambowa ndiona chochita."

Madalawo anali pakhonde atavala jekete yawo yakale, akuyang'ana mpanda ngati kuseri kwake kuli munthu amene akuchedwa kubwera. Adokotala anagwada n'kuyamba kuwamanga zingwe za nsapato.

"Bambo, lero tili ndi ulendo."

"Wautali?"

"Ayi, wapafupi pompa."

"Madzi mwatenga, mayi? Musamanyamuke opanda madzi."

M'basi ya yunivesite ophunzira anawalandira ndi chiphokoso. Mtsikana wina wa magalasi, amene anali mtsogoleri wa kalasi, anawapatsa mpando wa pawindo.

"Agogo, mwabwera kudzalemba nawo mayeso?"

"Ine ndinakhoza kalekale, ana inu. Amene akulephera ndi dalaivala wanuyu. Giya akuilowetsa ngati ali nayo mangawa."

Basi yonse inafa nacho chiseko, dalaivala yemwe.

Nyumba yosungiramo katunduyo inali kunja kwa tauni, yaitali moti mbalame zinamanga zisa kudenga kwake osadziwa kuti zili m'nyumba. Kuwala kunkalowera m'malata oonekera, n'kutsika pang'onopang'ono pamodzi ndi fumbi. Mashelefu achitsulo ankakwera mpaka khosi kuwawa. Munkanunkhira makatoni, sopo ndi matayala atsopano. Timagalimoto ta mano awiri tonyamulira katundu tinkayendayenda m'tinjira tikulira ngati tiana ta mbalame.

Mkulu wa pamalopo, yemwe kale anali wophunzira wa Adokotala, anabweretsa mpando n'kuwakhazika madalawo pakhomo la ofesi yake, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Musade nkhawa, aphunzitsi. Agogo ali m'manja mwanga."

Adokotala anatsogolera kalasi m'kanjira kena n'kuima pa katoni ya mababu amagetsi. Anaigwira ndi chikhatho monga momwe munthu amagwirira mphumi ya mwana.

"Iyi yafika liti, sindikufunsani, makina angakuuzeni. Ndikufuna muione ili panyanja. Kontena yake ili pamwamba pa zinzake, mphepo yamchere ikuiwomba, mkatimo muli mdima, timababuti tikungogwedezeka. Kwinakwake kuli mayi amene babu yake yapsa, sakudziwa kuti ina ili m'njira. Ntchito yathu ndi yoti awiriwa akumane, babu isanasweke, mayi asanatope."

Anawaonetsa chifukwa chake katundu wotuluka msanga amagona pafupi ndi khomo, pamene wochedwa amamukweza kumwamba. Anawalowetsa m'chipinda chozizira, mpweya wawo ukutuluka ngati utsi, n'kuwauza za chaka china pamene mlatho unakokoloka galimoto ya katemera ili tsidya lina, momwe anthu anawolotsera mabokosi pamutu madzi ali m'chifuwa. Polankhula ankaona mtsinjewo, ankamva phokoso lake. Anaiwala nthawi.

Atabwerera ku ofesi anapeza mpando uli wokhawokha, kapu ili pansi, tiyi wosamwa. Mkulu wa pamalopo anali atangolowa kukayankha foni.

Madalawo sankaoneka paliponse. Ophunzira anabalalika m'tinjira tonse akuitana kuti agogo, agogo, mawu awo akubwerera kuchokera kudenga. Mlonda wa pageti analumbira kuti palibe munthu wa jekete amene watuluka. Adokotala anayenda okha pakati pa mashelefu, akusuzumira kuseri kwa matumba ndi migolo. Kanjira kalikonse kankafanana ndi kanzake. Anayamba kuganiza za timagalimoto tija, za makatoni olemera amene ali pamwamba.

Kenako kunja kunalira hutala ya lole: kulira kwakufupi, kotsatiridwa ndi kwakutali kokoka. Adokotala anaima chilili. Kulira kumeneko ankakudziwa. Ali mwana, akakumva ankataya chilichonse chili m'manja n'kuthamangira kumsewu opanda nsapato, chifukwa kunkatanthauza kuti bambo abwera.

Anatulukira khomo lakumbuyo. Pabwalo panali malole ataima mondondozana padzuwa, ndipo mu imodzi yobiriwira munali madalawo, manja onse ali pachiwongolero, msana uli chiwongokere. Pansi panali dalaivala wa loleyo, mayi wojintcha wa ovolosi, akusenda lalanje.

"Ndi bambo anu?" anafunsa mayiyo. "Ndawapeza akumenya matayala ndi chibakera, akumvetsera. Ndangodziwa kuti awa ndi athu. Musaope, makiyi ali m'thumba mwangamu."

Adokotala anavomera ndi mutu, maso ali pa bambo awo. Mayiyo anawayang'ana, n'kutaya makoko a lalanje m'bini.

"Ndikufunika kuisuntha loleyi kupita kokwezera katundu, kuseri uko. Kwerani, tizungulire limodzi."

Madalawo anavomera kusiya chiwongolero atauzidwa kuti lero ndi tsiku lawo lopuma, mnzawo ndiye ayendetse. Anakhala kuwindo, chigongono chili kunja. Adokotala anakhala pakati, pomwe mpando umakhala wolimba ndipo kutentha kwa injini kumabwera m'miyendo. Lole inanjenjemera, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta.

"Apa ndiye timayamba kukwera phiri," anatero madalawo, akuloza mulu wa matabwa. "Nkhungu imakhala yambiri pano. Yatsani magetsi, mnzanga."

Mayiyo anayatsa magetsi masanasana.

Anadutsa mpanda wawaya, madalawo akuti ndi mlatho wautali, pansi pake pali anthu ochapa. Anadutsa thanki yamadzi, iwo akuti ndi pamene amaima n'kugula nthochi kwa mayi wina wosaseka. Adokotala anatsinzina pang'ono. Fungo la dizilo ndi chikopa chotentha cha mpando linawalowa m'mutu, bwalo lija n'kusungunuka. Anaona msewu ukutsika m'chigwa, mitengo ikuthamangira kumbuyo, miyendo yawo ili yaifupi yosafika pansi.

Dzanja lokhakhala linawagwira bondo.

"Kanyerere."

Dzina limeneli anali asanalimve chimwalirireni mayi awo. Bambo awo analipereka chifukwa ali mwana sankayenda chimanjamanja, nthawi zonse ankakhala atanyamula kanthu kupita nako kwina.

"Ee, Bambo."

"Amako usakawauze kuti ndakukweza. Andipha, sukulu wajomba."

"Sindikanena."

"Ukadzakula udzakhala ndani iwe?"

"Mphunzitsi, Bambo."

"Wophunzitsa chiyani? Masamu?"

"Za katundu. Momwe amayendera kuchokera kutali mpaka kufika kwa eni ake."

Madalawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Zimenezonso amaphunzitsa? Dziko ili! Chabwino, ukadzayamba udzandiitane, ndidzakhale kumbuyo ndizimvera nawo."

"Ndidzakuitanani."

Lole inali itafika kokwezera katundu, anyamata a ntchito akukodola ndi manja kuti ibwerere chammbuyo. Mayi uja anayang'ana nkhope ya Adokotala, anapukusa mutu kwa anyamatawo, n'kupotoza chiwongolero. Anazunguliranso bwalo lonse. Ulendo wachiwiriwu mphepo inkasewera ndi imvi za madalawo, dzanja lawo lili pabondo la mwana wawo.

Potsika, ophunzira anali atasonkhana pamthunzi. Mkulu wa pamalopo anayamba kupepesa koma Adokotala anamugwira phewa kuti asiye. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kupempha kuti mpando uja ubwere.

Phunziro analimalizira pomwepo, lole yobiriwira ikupakiridwa kumbuyo kwawo. Anafotokoza kuti katundu wolemera amayamba kulowa n'kugona pamwamba pa matayala, ndipo woyamba kutsika amalowa pomaliza. Anafotokoza za madalaivala amene amagona masiku pamalire a mayiko podikira chidindo, ndi zomwe kafukufuku wawo ankafuna kusintha pa nkhani imeneyo. Mawu ankatuluka okha, ofewa, ngati akuwauzira munthu mmodzi.

Madalawo anakhala kumbuyo kwa gulu, chipewa chili pabondo, akugwedeza mutu. Patapita kanthawi anakoka malaya a mtsikana wa magalasi uja.

"Mayiwa ntchito amaidziwa. Ndi mwana wa ndani?"

"Ndi mwana wanutu, agogo."

Anawayang'ana Adokotala kwa nthawi yaitali, akumwetulira mwaulemu ngati munthu amene wauzidwa nthabwala yomwe sanaimvetse bwino.

"Ayi, wanga ndi wamng'ono," anatero. "Koma akadzakula ndikufuna adzakhale ngati amenewa."

Mtsikanayo anakawanong'oneza Adokotala mawuwo ali m'basi pobwerera. Adokotala anaimirira. Anasamukira pampando wa pafupi ndi bambo awo, omwe anali atayamba kale kuwodzera, anawatsamiritsa mutu paphewa pawo, n'kuuza dalaivala kuti asathamange, palibe chowafulumizitsa.