Nsenga za Botolo Lomaliza

Lionel Harker anamwalira kutatsala milungu itatu kuti Glenys Sugden akamuone. Nyuzipepala za ku Yorkshire zinamulira ngati mfumu. Zinati ndiye anaphunzitsa dziko kuti mowa ndi wisiki n'zoyenera kuzilembera mabuku, ndipo cholembera chake chinadzutsa timafakitale tambiri timene tinali titafa kale. Glenys anawerenga zonsezo ali chiimire m'khitchini, kenako n'kuyamba kulira. Sikuti ankalira mlembiyo ayi. Ankalira botolo.

Glenys anakhala ku Canada zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pobwerera anapeza tchalitchi chawo chitasanduka sitolo ya mipando, ndipo fakitale ya mowa ya bambo ake ikufulula madzi ofiirira opanda fungo. Yisiti wa pabanjapo, amene kuyambira nthawi ya agogo ankamuwengula pa mowa wakupsa n'kuthira mu watsopano, mlongo wake anamutayira m'ngalande bambo atangomwalira. Anayamba kugula wa m'mapaketi, ati ngosavuta. Omwa mowawo anathawa mmodzimmodzi, mlongo wakeyo n'kuthawanso, kumusiyira Glenys makiyi.

Mayi wina wa ku yunivesite ya ku Leeds anamuuza kuti yisiti safa msanga. Atapeza botolo lakale losatsegula la mowa wa bambo ake, nsenga za pansi pake, ngakhale zodzaza supuni yokha, zikhoza kudzutsidwa. Glenys anafufuza chaka chathunthu. Botolo linapezeka limodzi lokha, m'chipinda chapansi kunyumba kwa Harker, yemwe anamuyankha kalata kuti, "Ubwere kukayamba kufunda." Ndiye kufa kwakeko, n'kusiya mawu oti mabotolo ake onse amwedwe tsiku la maliro, pasatsale ndi limodzi lomwe.

Pochoka kumanda masana amenewo, anthu anadzazana m'chipinda chapamwamba cha bala ya pafupi ndi siteshoni. Munali anyamata andevu ochokera ku America ndi ku Belgium, akulowetsa mphuno m'matambula n'kumatchula mawu a malemu ngati mavesi a pamtima. Glenys anaona manja awo osalalawo n'kudziwa kuti palibe anatsukapo mgolo. Wotsegula mabotolo anali Stanley Oddy, nkhalamba imene kale inkakhoma migolo ya bambo ake.

"Ha! Mwana wa Sugden!" anakuwa Oddy. "Ndimayesa chisanu cha ku Canada chinakumeza. Wabwera kudzalira kapena kudzamwa zaulere?"

"A Oddy, botolo la bambo lija lili pati?"

"Fatsa, mtsikana iwe. Limenelo ndi lotsekera. Mwiniwake analemba choncho."

"Tsegulani, imwani, palibe vuto. Koma nsenga zokha mundisiyire. Ndagwira mwendo wanu."

"Nsenga?" Oddy anaseka mpaka kutsokomola. "Kwanu ku Canadako mabuku ake safika?"

Mabukuwo Glenys anali atawerenga onse. Harker analemba kuti kusiya nsenga m'botolo n'kutukwana wofulula. Botolo ulizungulize katatu, zotsalazo uthire m'tambula yaing'ono, wamkulu wa pagulupo amwe. Chiyambire pamenepo, aliyense wodzitcha wodziwa mowa ankachita zomwezo. Wamkulu lero anali Oddy.

Glenys anapita kwa Beryl, mkazi wa malemu, amene anakhala pawindo ndi kapu ya tiyi.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Ine ndine..."

"Ndikukudziwa. Kalata yako ikadali patebulo pake."

"Ndiye awuzeni a Oddy, mayi. Popanda nsenga zimenezo ndikatseka fakitale. Mowa wa bambo uthera mum'mero mwa nkhalamba ija."

Beryl anatakasa tiyi wake. "Mwana wanga, zaka makumi anayi ndakhala pamitala ndi mabotolo amenewa. Lero ndikufuna ndiwaone onse ali opanda kanthu. Zimene analemba, analemba."

Posakhalitsa Oddy anagogoda tebulo. Anakweza botolo lafumbi, dzina la Sugden likuoneka pang'ono pa pepala lodyedwa ndi chinyontho. Chitsekerero chinati phu! Mowa wakuda bii unatsikira m'timatambula, dontho dontho kuti ukwanire onse. Fungo lake linamupeza Glenys pamene anaima: zipatso zouma, buledi wopserera, jekete la bambo ake akamabwera kuntchito. Wina anamupatsira tambula, iye n'kupukusa mutu. Maso ake anali pansi pa botolo.

Oddy analigwira pakhosi n'kuyamba kulizunguliza.

"Kamodzi!" anthu anawerenga mokondwa. "Kawiri! Katatu!"

Nsenga zinatsika m'tambula yaing'ono, zamatope ngati madzi a m'chithaphwi. Oddy anaikweza m'mwamba. "Lionel, mnzanga, unatiphunzitsa kusataya kanthu. Pita bwino, chidakwa cha ulemu iwe."

Tambula inafika pamlomo. Glenys sanadziwe kuti wadutsa bwanji pakati pa anthuwo. Anangozindikira atagwira dzanja la nkhalambayo ndi manja onse awiri.

"Iwe! Wapenga?"

"Siyani!"

"Pamaliro, Glenys? Pamaliro?"

Analimbirana. Nsenga zina zinakhavukira pa malaya oyera a Oddy, zina pansi. Kenako zala za nkhalambayo zinafooka, tambula n'kutsala m'manja mwa Glenys. Munatsala tochepa, tosakwana mulifupi mwa chala. Anatola kakatoni koikapo matambula n'kuvindikira.

Oddy anadzipukuta kuchibwano.

"Bambo ako akanaona zimenezi akanafa kawiri," anatero.

"Anafa kawiri kale, a Oddy, tsiku limene yisiti wawo anatayidwa m'ngalande. Inu munali pomwepo, simunanene kanthu."

Palibe anamuletsa potuluka. Anatsika masitepe pang'onopang'ono ngati wanyamula khanda lodwala. Kumbuyo kwake kunayamba manong'onong'o, ndipo anadziwa kuti m'tauni imeneyi palibe bala idzalandire mgolo wake chaka chino. Panja kunkawaza mvula. Analowetsa tambula m'kati mwa jasi, chala chikupanikiza kakatoni kaja, n'kuwoloka msewu kupita kusiteshoni. Sitima ya ku Leeds, kwa mayi wa ku yunivesite uja, inali itaima kale. Atakwera anakana mpando, poopa kuti akamakhala nsenga zija zikhavuka.