Nkhata ya Masamba Okhwima

Mayi Eneless atatsegula chitseko cha tchalitchi m'mawa wa Lamulungu loyamba la Adventi, chomwe chinawalandira ndi fungo. Linali fungo lomwe amalidziwa bwino, la kufakitale, la tiyi woyamba kufota. Anathamangira kuguwa mtima uli m'mwamba. Nkhata yomwe anailuka dzulo lake masana inali italefukiratu, masamba atada bii m'mbali. Makandulo anayi anangoti njo pakati pa zinyalala.

Za nkhatazi zinabwera ndi Bambo Fabiano, wansembe watsopano wa parishi, munthu wosadziwa kukhala phee. Analengeza kuti chaka chatsopano cha mpingo chiyambe ndi zatsopano. Nsalu za paguwa zikhale zapepo, ng'oma azizimenya mofatsa mpaka Khrisimasi (akwaya anang'ung'udza sabata yathunthu), ndipo tchalitchi chilichonse chikhale ndi nkhata ya masamba obiriwira, pomayatsa kandulo imodzi Lamulungu lililonse. Koma chomwe chinagwedeza anthu ndi ichi: mwa matchalitchi ang'onoang'ono asanu ndi awiri a m'maesiteti, atatu okha ndiwo azilandira Misa mwezi ndi mwezi. Enawo aziyenda wapansi kupita kuparishi. Abambowo anati ayendera onse kuti aone okonzeka.

Kwa ena uku kunali kungotalika kwa ulendo basi. Kwa Mayi Eneless inali nkhani ya amuna awo, a Zakeyu. Bambowa anadulira tiyi paesiteti zaka makumi atatu, mpaka matenda anawafoola mbali yakumanja. Kuchokera kunyumba kufika pakatchalitchi kawo amatha ndi ndodo, akumapuma kawiri. Koma kuparishi ndi maola atatu m'zitunda, ndipo nyengo ya mvula ngakhale wakabaza amakana. Ukaristia anaulandira komaliza pa Pasaka, ndipo sankabisa kuti akuufuna.

Ndiye taonani, ntchito yomwe mpingo wonse unaika m'manja mwa Mayi Eneless yasanduka manyowa, ndipo wansembe afika teni koloko! Mayiwo anakulunga zonse m'chitenje nathamangira kunyumba, misozi ili chuchuchu.

A Zakeyu anali pakhonde akulimbana ndi mabatani a shati ndi dzanja limodzi.

"Bambo a Salome, ndaononga zinthu ine," anatero mayiwo akumasula chitenje. "Abambo Fabiano akaona izi ati ndife osasamala. Misa yapita basi."

A Zakeyu anatola tsamba limodzi, nalifikisa kumphuno. "Munatchola kuti amenewa?"

"Kumunda kwathu komwe kuno. Ndinasankha abwino okhaokha, masamba awiri a pamwamba ndi kansonga kake. Za Mulungu ndikanatengera masamba wamba?"

Bambowo anaseka, kuseka kokhota kwa mlomo wa mbali imodzi, mpaka kutsokomola. Mayi Eneless anapsa mtima.

"Mukuseka chiyani? Wolirayo mukhala ndinu!"

"Make Salome, inu mwatcholera Ambuye ngati mukutcholera akapitawo. Masamba anthete amenewa ntchito yake ndi kufota, n'chifukwa chake amawathamangitsira kufakitale tsiku lomwelo. Mumati adikira Khrisimasi? Tandipatsani mpeni wanga uja."

Zinali zoona, ndipo zinawapweteka chifukwa zinali zoona. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zotchola tiyi zinaphunzitsa zala zawo chinthu chimodzi: tsamba lokhwima sililowa m'dengu. Ukaliponyamo, pasikelo amakukhuthulitsa dengu lonse pamaso pa anzako. Dzulo zalazo zinangochita zomwe zimadziwa, mutu osafunsidwa n'komwe.

Kuseri kwa nyumba kunali tsinde la tiyi lomwe a Zakeyu analisiya osadulira chidwalireni, moti linakula ngati mtengo wa gwafa. Anakafika pamenepo pang'onopang'ono, mayi atawagwira m'khwapa. Bambowo anatsamira pamtengo, natenga mpeni wokhota wodulira tiyi uja kudzanja lamanzere.

"Kokerani nthambi iyo pansi. Osati imeneyo, yapansiyo, ya masamba akuda."

"Okalamba chonchi? Paguwa?"

"Amenewo ndi amene amapirira. Gwirani bwino, ndingakuduleni chala."

Mpeni unali utachita dzimbiri, dzanja lamanzere linali losazolowera, koma nthambi zinagwa ndithu, imodziimodzi. Mayi Eneless anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuluka, osasamala mame omwe ankanyowetsa chitenje chawo cha Lamulungu. Masamba anali olimba, onyezimira, okanda m'manja. M'maso mwawo sanali okongola ngakhale pang'ono.

Kandulo yomaliza Mayi Eneless ankaiimika paguwa njinga yamoto ikumveka kale kumtunda. Bambo Fabiano analowa matope ali mpaka m'mawondo, chifukwa anayamba awerenga Misa ya m'mamawa kutchalitchi china cha kutsidya. Anapita molunjika kuguwa, naima, nagwira tsamba limodzi n'kulipinda.

"Waluka iyi ndani?"

"Ndine, Bambo," anayankha Mayi Eneless atagwada. Mantha anawatsegula pakamwa, naulula zonse: za nkhata yoyamba, za fungo, za chitenje chodzaza zinyalala chomwe chinali pakhonde kunyumba.

Wansembeyo anaseka mpaka kugwira mutu. "Amayi, kumene ndachokerako ndapeza zomwezo! Tchalitchi chonse kununkha ngati fakitale, ndinangotsala pang'ono kuitanitsa shuga ndi mkaka. Nanga anakuuzani za masamba okhwima ndani?"

Mayi Eneless analoza pabenchi yakumbuyo pomwe a Zakeyu anali akupumira m'mwamba, ndodo ili pakati pa miyendo. Abambo anawayang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso dzanja lofookalo, kenaka anafunsa akatekisiti monong'ona kuti kuchokera pano kukafika kuparishi munthu amayenda nthawi yotani. Atamva, anangogwedeza mutu.

Misa itayamba, anaitana a Zakeyu kuti akayatse kandulo yoyamba. Anthu anadikira mwakachetechete ndodo ikugogoda pasimenti. Machesi awiri anathyoka, pa wachitatu Mayi Eneless anawagwirira bokosi, ndipo moto unayaka.

Pa zolengeza abambo sanazungulire. "Kuno ndizibwera Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse. Nkhata iyi musaisinthe, ndikufuna ndidzaipeze pa Khrisimasi."

Nthungululu zinaphulika, ndipo woimba ng'oma anaiwala zoti azimenya mofatsa. Mayi Eneless sanaimbe nawo. Anangokhala pabenchi, mapewa atagwa, akumva kupepuka komwe anali atakuiwala. Pambali pawo a Zakeyu anali chitsinzinire kuyambira pomwe analandira Ukaristia, milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

Atatsegula maso anawakodola mayiwo ndi chigongono. "Make Salome, mwezi wamawa mudzandichapiretu shati yomweyi."