Diso Lamanzere la Sanatu

Sanatu anakweza kamera kumaso monga ankachitira masiku onse, koma kamphira ka pakabowo koyang'anirapo katangokhudza chikope chake chamanja, ululu unamulasa mpaka m'mano. Disolo linali litatupa ngati tomato wakupsa. Dzulo lake mwamuna wake, Yakubu, anali atamumenya chifukwa chochedwa kubwera kuchokera kojambula.

Anasunthira kamerayo ku diso lamanzere. Zinali zachilendo. Mphuno inkapanikizika, tsaya lotupalo linkathukuta, zigongono sizinkapeza malo ake panthiti. Koma tsopano kamerayo inaphimba mbali yonse yovulalayo.

"Eya, choncho," anatero mayi ake, akumukonza mpango. "Usaitsitse. Lero ndi ukwati wa mng'ono wako, si tsiku loti anthu azikufunsa mafunso."

"Amayi, ikundipweteka."

"Manyazi amapweteka kuposa pamenepo. Pita."

Pabwalo la kwawo ku Tamale panalibe popondapo. Njinga zamoto zinadzaza msewu, oimba ng'oma ankatchula mayina a makolo, ndipo fumbi la chilimwe linkatera pa nsalu zatsopano za azimayi. Sanatu ankayenda pakati pawo, kamera ili chimamatire pankhope.

"Iwe Sanatu!" anafuula azakhali ake ali pampando. "Kodi kamerayo ndi imene inakukwatira? Tiyeni tione nkhope!"

"Ndikaitsitsa mukalamba musanajambulidwe, azakhali. Tamwetulirani, mano atsalawo aoneke!"

Azimayi anaseka mpaka kugwirana. Nayenso Yakubu analipo, atavala mkanjo woyera, akugawira akuluakulu mtedza wa kola. "Undijambule bwino, mkazi wanga," anatero mokweza. Sanatu anamujambula. M'kabowomo ankaoneka munthu wabwino ndithu.

Kenako anafika pa mkwati ndi mkwatibwi. Rahinatu, mng'ono wake, ankawala ndi mikanda, manja atalembedwa maluwa akuda. Iddrisu, mkwatiyo, anaima pambali pake. Mnyamata wina amene Rahinatu anaphunzira naye sukulu anaponya nthabwala, Rahinatu n'kuseka. Apo Sanatu anali atakokera chithunzi pafupi, ndipo anaona zimene wina aliyense sanaone: zala za Iddrisu zikuzungulira dzanja la mtsikanayo, zikufinya mpaka zibangili kulowa m'mnofu. Iddrisu ankamwetulirabe. Kuseka kwa Rahinatu kunazima ngati nyali yothera mafuta.

Chala cha Sanatu chinadina chokha. Chithunzicho chinatuluka chokongola.

Dzuwa litapendeka, Rahinatu analowa m'chipinda kukasintha zovala zoti apite nazo kwa mwamuna wake. Sanatu anamutsatira, natseka chitseko, natsitsa kamera koyamba tsiku lonselo. Khosi linali litauma, ndipo kamphira kaja kanali katamusiyira mzere pamwamba pa diso.

"Tandiyang'ana," anatero.

Rahinatu anayang'ana, osadzidzimuka. "Ndinaona kale m'mawa, achemwali."

"Nanenso ndaona mmene anakugwirira dzanja. Zimayamba choncho. Tamvera, sunafike kwawo. Njinga yanga ili kuseri kwa nyumba. Tikhoza kutulukira kukhomo la mbuzi, palibe angatione."

"Tipite kuti? Kwanu?"

Sanatu anaganiza za azakhali aja, za amalume a ku Yendi, za anzake onse, ndipo khomo lililonse limene analiganizira linali ndi munthu woti awabweze mawa lake m'mawa.

"Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima," anatero Rahinatu motsitsa. "Si mmene amayi amakuuzirani mukathawira kuno? Ine ndinkamva ndili kukhitchini."

"Iwe ndiwe mwana, Rahi."

"Khalani apa."

Rahinatu anamukhazika pabedi, natulutsa kachitini ka paudala m'chikwama chake chaukwati. Anamugwira chibwano, n'kumutembenuzira kuwindo.

"Uyu ndi wabwino, sachoka ndi thukuta," anatero. "Ndinamuyesa kale."

Panja hutala ya galimoto ya mkwati inalira, azimayi n'kuyamba nthungululu. Rahinatu sanafulumire. Anapitiriza kupaka pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali mwa chotupacho kulowera pakati, ndi dzanja lopepuka la munthu amene sanayambe lero kubisa zotupa zake.